Thambo likufutukuka mothamanga, akatswiri asiyana maganizo

Anthu a ku Assumane, kunja kwa mzinda wa Lichinga, ali ndi mwayi umene anzawo a m'mizinda ikuluikulu anautaya kale. Derali lili pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo usiku wopanda mitambo m'nyengo yozizira mlalang'amba umaoneka mbee, utayala kumwamba ngati ufa wotayika panjira.

Koma akatswiri a sayansi ya zakuthambo akuti zimene maso amaonazo n'zochepa zedi. Malinga ndi kuwerengera kwawo, nyenyezi zonse, dzuwa, mwezi, dziko lino ndi anthu omwe, zimangokwana magawo 5 pa magawo 100 a chilengedwe. Magawo 27 ndi zinthu zosaoneka zimene zimadziwika ndi kukoka kwake kokha. Magawo 68 otsalawo ndi mphamvu ina yosadziwika bwino imene pa Chingerezi akuitcha dark energy, kutanthauza mphamvu yamdima.

Mkangano wagona pa magawo 68 amenewa. Akatswiri ambiri akuti mphamvuyi ilipodi. Ena akuti mwina kulibe, koma kuti lamulo limene akuwerengera nalo ndilo lapereŵera.

Chiyambi cha nkhaniyi

M'chaka cha 1927 wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître, amenenso anali katswiri wa masamu, analemba kuti chilengedwe chikufutukuka. Mu 1929 a Edwin Hubble a ku America anasonyeza kuti magulu a nyenyezi otchedwa milalang'amba akutalikirana, ndipo gulu limene lili kutali kwambiri ndilo likuchoka mofulumira. Zili ngati madontho a choko olembedwa pa chubu cha njinga: chubu chikamapopedwa, dontho lililonse limatalikirana ndi linzake. Kufutukukaku kunayamba zaka pafupifupi mabiliyoni 13.8 zapitazo.

Akatswiri ankayembekezera kuti liŵiro la kufutukukaku likhala likuchepa. Zinthu zonse zolemera zimakokana, n'chifukwa chake mwala woponyedwa kumwamba ndi legeni umanka nufooka mpaka kubwerera pansi.

Mu 1998 magulu aŵiri a akatswiri, lina lotsogozedwa ndi a Saul Perlmutter, lina la a Brian Schmidt ndi a Adam Riess, anafuna kuyeza kuchepa kwa liŵiroko. Iwo anagwiritsa ntchito mtundu wina wa nyenyezi zimene zikaphulika zimawala pafupifupi mofanana. Munthu woima pagombe ku Meponda kapena ku Metangula usiku amadziwa bwato la asodzi a usipa limene lili kutali poona nyali yake ikuwala moziya, pakuti nyalizo n'zofanana. Akatswiriwo anachita chimodzimodzi.

Zimene anapeza zinawaimitsa mutu. Nyenyezi zophulikazo zinali kutali kuposa mmene zinayenera kukhalira. Kufutukuka sikukuchepa liŵiro koma kukuwonjezera, ngati mwala wa legeni umene ukunka nuthamangirathamangira kumwamba. Akuluakulu atatuwo analandira mphotho ya Nobel mu 2011, koma chimene chikukankha milalang'amba sichinadziwikebe mpaka lero.

Thumba kapena sikelo?

Mlimi aliyense amene anagulitsapo chimanga kapena nyemba akulidziwa vuto lotere. Thumba likalemera mosiyana ndi mmene mwini wake amayembekezera, pali zifukwa ziŵiri: mwina m'thumbamo muli chinthu chimene iye sanachione, apo ayi sikelo ndiyo yolakwika. Mbiri ya sayansi ikusonyeza kuti zonse ziŵiri zinachitikapo.

M'zaka za m'ma 1840 pulaneti yotchedwa Uranus inkayenda mosemphana pang'ono ndi lamulo la kukokana kwa zinthu limene a Isaac Newton analemba. Katswiri wa ku France, a Urbain Le Verrier, anawerengera papepala nanena kuti pali pulaneti ina yosaoneka imene ikuikoka. Pa 23 Sepitembala 1846 anzawo a ku Berlin analoza makina oonera kutali pamalo pomwe iwo ananenapo, napezadi pulaneti imene lero ikutchedwa Neptune. Apa munali kanthu m'thumba.

Mu 1859 a Le Verrier omwewo anaona kuti nayonso pulaneti ya Mercury ikuyenda mosemphana ndi lamulolo. Anaganizanso za pulaneti yobisika, ndipo inapatsidwa dzina loti Vulcan. Anthu anaifunafuna kwa zaka makumi angapo koma osaipeza, chifukwa kunalibe. Yankho linabwera mu 1915 pamene a Albert Einstein analemba lamulo latsopano, lonena kuti chinthu cholemera chimapinda danga lochizungulira, monga munthu akakhala pabedi la zingwe limaloŵa pansi. Lamuloli linafotokoza kayendedwe ka Mercury popanda pulaneti ina. Ulendo uno vuto linali sikelo.

Umboni wina wa lamulo la a Einstein unapezeka mu Africa muno. Pa 29 Meyi 1919, nthawi ya kadamsana, a Arthur Eddington a ku Britain anajambula nyenyezi ali pa chilumba cha Príncipe, chimene nthawi imeneyo chinali m'manja mwa Apwitikizi monga Mozambique. Anzawo anajambula ali ku Sobral m'dziko la Brazil. Zithunzizo zinasonyeza kuti kuwala kwa nyenyezi kumakhota podutsa pafupi ndi dzuwa, monga a Einstein ananenera.

Mbali ziŵiri za lero

A mbali yoyamba akuti danga lopanda kanthu lili ndi mphamvu yakeyake yokankha, ndipo danga likamachuluka kukankhako kumaposa kukokana. Maganizo ameneŵa amagwirizana ndi miyeso yambiri. Vuto lake n'lakuti akatswiri akawerengera kukula kwa mphamvuyo potsata malamulo a tizinthu ting'onoting'ono, amapeza nambala yaikulu mosaneneka poyerekeza ndi imene ikuyezedwa kumwamba.

A mbali yachiŵiri akuti lamulo la a Einstein limagwira bwino pafupi ndi dzuwa, koma mwina limafunika kukonzedwa pa mitunda italiitali yapakati pa milalang'amba. Ena mwa akatswiri amene alemba zambiri pa njira imeneyi ali ku South Africa: a Peter Dunsby a pa University of Cape Town, ndi a Amare Abebe, mbadwa ya ku Ethiopia, a pa North-West University.

Kukonza lamulo si chinthu chapafupi, pakuti lamulo latsopano liyenera kufotokozanso zonse zimene lakale linafotokoza bwino. Pa 17 Ogasiti 2017 makina a ku America ndi ku Italy anali tcheru pamene kunafika mafunde ogwedeza danga ochokera ku nyenyezi ziŵiri zimene zinawombana. Kuwala kochokera komweko kunafika patangopita masekondi osakwana 2, ngakhale zonse zinayenda ulendo wa zaka pafupifupi mamiliyoni 130. Izi zinasonyeza kuti mafundewo amathamanga mofanana ndi kuwala, monga lamulo la a Einstein likunenera, ndipo malamulo atsopano ambiri amene ankanena zosiyana anagwa pomwepo.

Koma nayo mbali yoyamba siikugona tulo. Mu 2024 ndi mu 2025 gulu la akatswiri a makina otchedwa DESI, amene ali ku Arizona m'dziko la America ndipo amayeza milalang'amba 5,000 nthawi imodzi, linalengeza zizindikiro zakuti mphamvu yamdima mwina ikufooka m'kupita kwa nthawi. Iwo eni akuti umboniwo sunakwanire. Zikadzatsimikizika, maganizo akuti mphamvuyi siisintha adzafunika kuunikidwanso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo la kum'mwera kwa Africa

Mbali ina ya mlanduwu idzaweruzidwa kuchigawo chino. M'chipululu cha Karoo ku South Africa muli makina otchedwa MeerKAT, amene anatsegulidwa mu 2018. Ndi madishi 64 onga a wailesi yakanema koma aakulu kwambiri, omvera mafunde a wailesi ochokera kumwamba. A Mário Santos a pa University of the Western Cape akhala akutsogolera ntchito yogwiritsa madishiwa kujambula mapu a mpweya wa hydrogen m'chilengedwe. Mapu otere amathandiza kuona mmene kufutukuka kwasinthira kuchokera kale, komanso ngati milalang'amba ikusonkhana mogwirizana ndi lamulo la a Einstein.

Madishiwa adzakhala mbali ya ntchito yaikulu yotchedwa SKA, imene kumanga kwake kunayamba mu Disembala 2022 ku South Africa ndi ku Australia. Maiko asanu ndi atatu a mu Africa ndi abwenzi a South Africa pa ntchitoyi, ndipo Mozambique ndi Zambia ali m'gulumo pamodzi ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius ndi Namibia. Achinyamata a m'maikowa akhala akuphunzitsidwa za makina otere kudzera m'ndondomeko yotchedwa DARA.

Phindu lake n'chiyani?

Alimi asade nkhawa: kufutukukaku sikung'amba minda kapena kusuntha malire a maiko. Kumagwira pa mitunda yapakati pa magulu a milalang'amba, pamene dziko lino, dzuwa ndi mlalang'amba umene uli ndi dzuwali n'zomangika pamodzi. Koma yankho lake lidzanena ngati chilengedwe chidzapitirira kumwazikana mpaka kalekale kapena ayi.

Phindu la nzeru zotere limachedwa kuoneka. Mu 1915 palibe amene ankadziwa ntchito ya lamulo la a Einstein. Lero GPS ya m'foni, imene imauza woyendetsa galimoto kapena woyeza malo pamene ali, imadalira lamulo lomwelo. Mawotchi a m'masetilaiti ake amatsogola ndi tizigawo 38 pa tizigawo miliyoni ta sekondi tsiku lililonse, ndipo popanda kukonza zimenezi foni ikanasokera ndi makilomita angapo pa tsiku limodzi.

Madishi ndi masetilaiti amafuna ndalama zankhaninkhani, koma ntchito ya a Le Verrier, Bambo Lemaître ndi a Einstein inachitika ndi pepala ndi pensulo. Akatswiri a lero angowonjezerapo kompyuta. Chofunika choyamba ndi masamu, ndipo amenewo akuphunzitsidwa m'sukulu za ku Lichinga, Mandimba ndi Mangochi. Makolo amene ali ndi mwana wokonda masamu, wamkazi kapena wamwamuna, achita bwino kumusiya apitirize sukulu, pakuti funso la thumba ndi sikelo lidakali lopanda woliyankha.