Kanjinga Kamoto Kopangira Pakhomo: Ntchito Imayambira pa Tayala

Nkhani ya lero ikufotokoza za kanjinga kamoto kakang'ono kamene amisiri ena amadzipangira okha pakhomo, ka matayala otakata ndi injini yonga ija imapopa madzi m'madimba. Ku America, kumene kanjingaka kanabadwira, amakatcha minibike. Msinkhu wake sufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, kotero kuti wokaona koyamba angayese ndi chidole. Komatu chidole chothamanga makilomita 40 kapena 50 pa ola chingathyole khosi la munthu monga momwe ichitira njinga yamoto yaikulu. Chifukwa chake mmisiri wofuna kukapanga ayenera kudziwa kuti ntchito yonse imayambira pa tayala, pakuti tayala ndilo limalamula kukula kwa felemu, njira ya tcheni, liwiro ndiponso mphamvu ya mabuleki.

Mbiri ya tinjingati ndi yaifupi. M'chaka cha 1956 mmisiri wina wa ku California, dzina lake Art Ingels, anamanga kagalimoto ka mpando umodzi koyendera injini ya makina otchetchera kapinga. Anzake ataona luso limeneli anayamba kuika injini zomwezo pa mafelemu a magudumu awiri, kuti aziyendera m'mabwalo a mipikisano ya magalimoto. M'zaka za m'ma 1960 makampani analowererapo, monga la Rupp la mumzinda wa Mansfield m'chigawo cha Ohio, limene linagulitsa tinjinga tambirimbiri mpaka pamene linagwa mu 1978. Komabe mwambo woti bambo ndi mwana wake amange kawo kuseri kwa nyumba sunathe, ndipo ulipo mpaka lero.

Nzeru ya tayala lotakata inakula kaamba ka anthu oyenda kopanda msewu, monga alenje ndi alimi. Ku Japan kampani ya Suzuki inatulutsa njinga zazing'ono za matayala onenepa zotchedwa VanVan kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1987 Yamaha inatulutsa TW200. M'chaka chomwecho munthu wa ku Japan, Shinji Kazama, anafika ku North Pole, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, atakwera njinga ya mtundu umenewu pamwamba pa madzi oundana.

Kodi tayala lotakata limapambana bwanji lopyapyala? Omvera amene analimapo adziwa kuti khasu likagwera kukamwa kwake limalowa m'nthaka, koma likagona chafufumimba sililowa, chonsecho kulemera kwake ndi komweko. N'chimodzimodzi ndi tayala. Lopyapyala limaunjika katundu yense pa kamalo kochepa, motero limatitimira mumchenga ndi m'matope. Lotakata limagawa katunduyo pa malo aakulu. Tsono chinsinsi chake chili mumpweya. Tayala lotere limapopedwa mpweya wosafika ngakhale theka la uja wa tayala la galimoto, ndipo likatero limaphwatalala pansi n'kumayenda pamwamba pa mchenga. Kufewa kwakeko kumamezanso mabampu, choncho tinjinga tambiri totere tilibe masipulingi. Wolipopa mpaka kulimba ngati mwala wataya phindu lonse limene analigulira.

Pambali pa tayala pamalembedwa manambala atatu, mwachitsanzo 19x7-8. Yoyamba ndiyo msinkhu wa tayala, mainchi 19. Yachiwiri ndiyo m'lifupi mwake, mainchi 7. Yachitatu ndiyo kukula kwa limu. Koma manambala sanena zonse, pakuti maonekedwe a msana wa tayala ndi ofunikanso. Njinga imakhota mwa kupendekeka, motero imafuna tayala la msana wozungulira. Tayala la msana wafulati, monga la kathirakitala kotchetchera kapinga, limakana kupendekeka, ndipo wokwera akalikakamiza limakwera pa ngodya yake n'kumugwetsa mwadzidzidzi.

Matayala akapezeka, mmisiri amawaimika pansi pa mzere umodzi wowongoka, n'kuika injini pakati pawo, n'kuyeza malo okhala munthu. Apa m'pamene amajambula felemu. Amene amayamba ndi felemu n'kumafuna matayala pambuyo kawirikawiri amapeza kuti tayala likukhula chitsulo, ndipo amayamba kudula zimene anawotcherera kale. Mapaipi oyenera ndi achitsulo chakuda, aakulu ngati inchi imodzi m'mimba mwake, ochindikala mamilimita awiri kapena atatu. Mapaipi opyapyala odutsitsamo mawaya a magetsi sayenera, chifukwa amang'aluka injini ikamanjenjemera. Mapaipi a madzi okutidwa ndi zinki nawonso ndi oopsa, pakuti powotcherera amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa mutu ndi kutenthetsa thupi.

Powotcherera, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitsulo chikapsa mbali imodzi chimakokera komweko pozizira. Motero mmisiri wodziwa amayamba wagwiriza mfundo zonse ndi timadontho, n'kuyezanso ndi chingwe ngati magudumu awiri akali pa mzere umodzi, kenaka n'kumawotcherera pang'onopang'ono mosinthanitsa mbali. Malo ofunika koposa ndi pakhosi, pamene foloko imalumikizana ndi felemu, chifukwa mphamvu yonse ya bampu ndi ya buleki imathera pamenepo. Pakhosi pamafunika tizitsulo ta ngodya zitatu tolimbitsira. Penti imabisa zowotcherera zoipa, kotero mfundo zonse ziyesedwe penti isanapakidwe.

Khosilo siliima chilili. Limapendekera kumbuyo madigiri ngati 25 kapena 30, kuti mzere wongoganizira wodutsa m'khosimo ukagunde pansi patsogolo pang'ono pa malo amene tayala lagunda nthaka. Mpata umenewu, wa mainchi owerengeka okha, ndiwo umachititsa kuti gudumu lakutsogolo lizidziwongola lokha. Ukasowa, mahandulo amayamba kugwedezeka njinga ikathamanga. Ukachuluka, chiwongolero chimalemera, makamaka pa tayala lotakata limene ndi lolemera kale.

Amisiri akale ankagwiritsa ntchito injini za Briggs & Stratton kapena Tecumseh za mphamvu ya akavalo atatu mpaka asanu. Masiku ano ambiri amakonda Honda GX200 ndi zina zopangidwa moitsanzira, za mphamvu ya akavalo pafupifupi 6 ndi theka. Kanjinga kotere kalibe magiya osintha ndi phazi. Kali ndi kalatchi yodzigwira yokha. Munthu akazunguza mwala womangidwa ku chingwe, mwalawo umakokera kunja. Momwemonso m'kati mwa kalatchi muli tizitsulo togwidwa ndi masipulingi, timene timatambasuka injini ikafika pa maulendo pafupifupi 2,000 pa mphindi, n'kugwira chikho chimene chimakoka tcheni.

Pano m'pamene tayala lotakata limabweretsa mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti tcheni chimafuna kuyenda mowongoka, koma tayala lonenepa limatsekereza njira yake. Kusunthira injini kumbali kuti tcheni chidutse kumalemetsa njinga mbali imodzi. Vuto lachiwiri ndi la masamu. Tayala la mainchi 19 limayenda pafupifupi mita imodzi ndi theka likazungulira kamodzi. Ngati kalatchi ili ndi mano 10 ndipo gudumu la mano lakumbuyo lili ndi 60, injini imazungulira kasanu ndi kamodzi kuti tayala lizungulire kamodzi. Injini ikafika pa maulendo 3,600 pa mphindi, tayala limazungulira ka 600, ndiye kuti makilomita 54 pa ola. Liwiro limeneli ndi lochuluka kwa kanjinga kafupi, komanso mphamvu yokwerera chitunda imachepa, kalatchi n'kumaterereka mpaka kupsa.

Mankhwala a mavuto onse awiri ndi amodzi, ndiwo shafiti yapakati imene amisiri amaitcha jackshaft. Imeneyi ndi ndodo yachitsulo yozungulira pa mabelingi kuseri kwa injini, yokhala ndi gudumu la mano uku ndi uku. Tcheni choyamba chimachokera ku injini, chachiwiri chimapita ku tayala chitadutsa kunja kwake. Mano 10 akakoka mano 20, kenaka mano 10 n'kukoka mano 50, injini imazungulira kakhumi kuti tayala lizungulire kamodzi. Liwiro limatsika kufika pa makilomita 32 pa ola, koma mphamvu yokoka mumchenga ndi pa chitunda imachuluka, ndipo imeneyi ndiyo ntchito imene tayala lotakata linapangidwira.

Chiyeso chachikulu kwa achinyamata ndicho kuchotsa gavanala, kachipangizo kamene kamaletsa injini kupitirira maulendo 3,600. N'zoona kuti injini imalira mokweza ndi kuthamanga, koma gudumu lolemera la pambali pake, lotchedwa flywheel, silinapangidwe kuti lizungulire motero. Lingathe kuphulika, zidutswa zake n'kuboola chivundikiro, ndipo miyendo ya wokwera ili pomwepo.

Za mabuleki siziyenera kusiyidwira kumapeto ndalama zitatha. Tinjinga takale tinali ndi kachitsulo kokhula pa tayala popondedwa, koma tayala likanyowa kachitsuloko kamangoterereka. Gudumu lotakata ndi lolemera, ndipo likathamanga silifuna kuima, kotero limafuna buleki ya disiki kapena ya dilamu, imene malo ake ayenera kukonzedwa pamene felemu ikujambulidwa. Pafunikanso chotchinga tcheni kuti chisakole chala kapena buluku, chotchinga paipi ya utsi kuti isawotche mwendo, sipulingi yobwezera moto pansi dzanja likachoka pa handulo, ndi switchi yozimitsira injini pafupi ndi chala chachikulu.

Tsiku loyesa, mmisiri amayamba waimika gudumu lakumbuyo m'mwamba n'kuona ngati tcheni chikuyenda bwino ndi buleki ikugwira. Akatero amayendetsa pang'onopang'ono pa bwalo lopanda anthu, atavala chisoti ndi nsapato zotseka, kenaka n'kumanganso mabawuti onse, chifukwa kunjenjemera kumawamasula. Omvera akumbukirenso kuti m'mayiko ambiri kanjinga kopanda nyale, nambala ndi inshuwalansi sikaloledwa pa msewu wa onse. Malo ake ndi kumunda ndi pa bwalo.

Kawirikawiri amene amamanga kanjingaka ndi munthu wamkulu, koma amene amakakwera tsiku ndi tsiku ndi mwana, amene sadziwa zimene zabisika pansi pa penti. Mwanayo amangokhulupirira dzanja la mmisiri. Ndicho chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba ndi tayala, n'kuyezera china chilichonse pa tayalalo, ndipo sapereka mahandulo kwa mwana kufikira iye mwini atakwera, nayesa khosi ndi mabuleki ndi kulemera kwa thupi lake.