Mayina Owerengeka ndi Osawerengeka m'Chingerezi

Chichewa chimagawa mayina m'magulu monga Mu-A, Li-Ma ndi Chi-Zi. Chingerezi chilibe magulu otere, koma chimasiyanitsa mayina amene angatsatane ndi nambala ndi amene sangatero. Katswiri wa ziyankhulo wa ku Denmark, Otto Jespersen, adafotokoza kusiyanaku m'buku lake la 1924 lotchedwa The Philosophy of Grammar. Mtanthauziramawu wa A. S. Hornby, umene udasindikizidwa ndi Oxford University Press mu 1948, udazika mwambo woika chilembo C pa dzina lowerengeka ndi U pa dzina losawerengeka.

1. Kusiyana kwa magulu awiriwa

Dzina lowerengeka limatha kusonyeza chinthu chimodzi kapena zambiri, ndipo limalandira "a" kapena "an": "a book", "three books". Dzina losawerengeka sililandira "a" kapena nambala, silionjezeredwa "s", ndipo mneni wake amakhala wosonyeza chinthu chimodzi: "the water is cold".

Gulu la dzina silidziwika poyang'ana chinthu chimene dzinalo likutchula. Nyemba ndi mpunga zonse ndi njere, komabe "beans" ndi lowerengeka pamene "rice" ndi losawerengeka. Munthu amawerenga ndalama tsiku ndi tsiku nafunsa kuti "ndalama zingati?" koma Chingerezi chimati "how much money?" Choncho gulu la dzina lililonse liyenera kuphunziridwa pamodzi ndi tanthauzo lake.

2. Pamene Chichewa chimasokeretsa womasulira

Mayina ambiri amene Chichewa chimawachulukitsa ndi osawerengeka m'Chingerezi. Malangizo ndi "advice", mipando ndi matebulo pamodzi ndi "furniture", zipangizo ndi "equipment", nkhuni ndi "firewood". Wolemba woganiza m'Chichewa amafulumira kulemba "advices" kapena "equipments", zimene Chingerezi chovomerezeka chimakana. Nalo dzina lakuti "news" limanyenga: limathera ndi "s" koma limati "the news is good".

Mayina monga madzi, mafuta ndi magazi alinso ndi msampha wake. Agwirizanitsi awo ndi ofanana ndi a mayina osonyeza zinthu zambiri: "madzi atha", monga "mazira atha". N'chifukwa chake ophunzira ena amalemba "the water are".

3. Mawu osonyeza kuchuluka

Tsinde limodzi la Chichewa limagwira ntchito imene Chingerezi chimapatsa mawu awiri:

(a) -mbiri: mabuku ambiri ndi "many books", ufa wambiri ndi "much flour".
(b) -chepa: anthu ochepa ndi "few people", mchere wochepa ndi "little salt".
(c) Pofunsa: "how many" amayendera mayina owerengeka, "how much" osawerengeka.

Mawu akuti "some", "any", "enough" ndi "a lot of" amayenda ndi magulu onse awiri. Womasulira asamalenso kachilembo "a": "a few teachers came" ndi kunena kuti kudabwera aphunzitsi angapo, pamene "few teachers came" ndi kudandaula kuti adabwera ochepa chabe. Kusokoneza ziganizo ziwirizi m'lipoti la msonkhano kumasandutsa dandaulo kukhala chiyamiko.

Za "less" ndi "fewer" pali mtsutso. Lamulo lakuti "fewer" ndi wa mayina owerengeka lidachokera pa maganizo a Robert Baker m'buku lake la 1770, ngakhale "less" adagwiritsidwa ntchito ndi mayina otere kuyambira nthawi ya Mfumu Alfred. Mu 2008 sitolo za Tesco ku Britain zidayamba kusintha zikwangwani zakuti "10 items or less" chifukwa cha madandaulo. M'zolemba za boma ndi za mayeso, lamulo la Baker ndilo loyenera kutsatidwa.

4. Mawu oyezera

Apa ziyankhulo ziwirizi zimafanana, ndipo mphunzitsi angayambire pomwepa. Monga Chichewa chimati lichero la ufa, ndowa ya madzi ndi mtolo wa udzu, Chingerezi chimati "a loaf of bread", "a grain of rice" ndi "a piece of advice". Chowerengedwa ndi muyezo, osati chinthucho. Mayina ena amakhala m'magulu onse awiri koma tanthauzo limasintha: "paper" ndi pepala lolembapo, pamene "a paper" ingakhale nyuzipepala.

5. Chenjezo pa mawu akuti "osawerengeka"

M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, zosawerengeka ndi zinthu zochuluka zedi, monga nyenyezi zakumwamba. Koma "star" ndi dzina lowerengeka. Olemba mabuku a sukulu pogwiritsa ntchito mawuwa ayenera kufotokoza pachiyambi kuti akunena za dzina losalandira nambala, osati za unyinji wa zinthu.