LIVINGSTONE SANALEKE KULEMBA NGAKHALE INKI ITATHA

Anthu ambiri amene nchito yao iri ya maulendo, monga alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi oyendera masukulu, amadandaula kuti nthawi yolemba imasowa. Munthu amafika pogona atatopa, nanena kuti adzalemba mawa. Mawalo likafika, maina a midzi ndi mau a anthu amene anakumana nao zayamba kale kusokonezeka m'mutu. Mbiri ya Dr David Livingstone, amene anafera m'dziko lathu lino, itithandiza kuona m'mene munthu wapaulendo angasungire mwambo wolemba.

Livingstone anali ndi mabuku a mitundu iwiri. Loyamba linali kabuku kakang'ono ka m'thumba, m'mene anali kulembamo mwacidule zinthu zimene anaona tsiku limenelo: maora amene ayenda, mitsinje imene aoloka, maina a mafumu, mvula ndi mitengo. Laciwiri linali buku lalikulu losungidwa m'bokosi. Akaima pamalo amodzi kwa masiku angapo, anali kutenga timabukuto ndi kukoperamo nkhani zonse mwadongosolo. Motero nchito yolemetsa inali kudikira nthawi yopuma, koma nchito yaing'ono ya tsiku ndi tsiku siinali kudikira kanthu. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Njira imeneyi inampulumutsa m'caka ca 1854. Atafika ku Luanda, m'dziko la Angola, anatumiza makalata ndi mapu ku England pa sitima ya pamadzi yochedwa Forerunner. Sitimayo inamira pafupi ndi cisumbu ca Madeira pamodzi ndi katundu wace. Mbiriyi inampeza ali pa ulendo wobwerera, pamalo ochedwa Pungo Andongo. Iye anakhala pamenepo milungu ingapo nalembanso zimene zinatayikazo, pakuti mabuku ace anali nao. Mabuku omwewo ndiwo anabala buku lace lalikulu la 1857, lofotokozanso za mathithi a Mosi-oa-Tunya amene anawaona mu November 1855.

INKI YA ZIPATSO

Ciyeso cacikulu cinadza mu 1871, ali ku Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, m'dziko limene lero ndi Congo. Mapepala anali atatha, inki nayonso inali itatha. Livingstone anang'amba nyuzipepala yakale ya ku London yochedwa The Standard, ya mu November 1869, napanga timasamba tolembapo. Inki anaipanga kucokera ku mbeu za cipatso cina ca kumeneko, nayamba kulemba mopingasa pamwamba pa mau osindikizidwa.

Pa 15 July 1871, amalonda a akapolo anaombera mfuti anthu amene anasonkhana pamsika wa Nyangwe. Anthu mazanamazana, ambiri a iwo akazi, anafa. Ena ndi zipolopolo, ena pomira m'mtsinje pothawa. Livingstone analipo, ndipo analemba zimene anali kuona pa timasamba tija. Henry Morton Stanley atampeza ku Ujiji kumapeto kwa caka comweco, ndi kusiyana naye ku Unyanyembe mu March 1872, anatenga makalata ndi buku lace lalikulu kupita nazo ku Ulaya. Nkhani ya Nyangwe inakwiyitsa anthu ku Britain, ndipo inathandiza kukakamiza Sultan wa ku Zanzibar kutseka msika wa akapolo mu 1873.

M'kupita kwa zaka inki ija inafifitika kotero kuti palibe anatha kuwerenga bwino timasambato. Mu 2011 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr Adrian Wisnicki linafalitsa mau ace onse, litawajambula ndi kuunika kwa mitundumitundu ndi kuwaonetsa pa kompyuta. Pamenepo kunaoneka kuti zolemba za tsiku lomwelo zisiyana ndi zimene Livingstone anakonza pambuyo pace. M'zolemba zoyambazo muoneka nkhawa yace yakuti mwina ena mwa anthu a ulendo wace anali ndi mbali pa zoipazo, cinthu cimene m'buku lokonzedwa sicioneka bwino. Ici citiphunzitsa kuti zolemba za pa tsikulo zisunga coonadi cimene munthu akakhala pansi n'kuganiza amayamba kucisalaza. Cifukwa cace kabuku ka m'thumba sikayenera kutayidwa, ngakhale lipoti litalembedwa kale.

MASIKU OTSIRIZA

Mu April 1873 Livingstone anali kudwala kwambiri m'madambo a Bangweulu, anthu ace atamnyamula pa macila. Mphamvu zolemba nkhani zinamthera, komabe masiku ena anagwira colembera nalemba deti lokha. Mau ace otsiriza anawalemba pa 27 April, ndipo anamwalira pa 1 May m'mudzi wa Mfumu Chitambo ku Ilala.

Pano tiyenera kuchula Abdullah Susi, James Chuma, Jacob Wainwright ndi anzao. Iwo anakwirira mtima wace pansi pa mtengo, Wainwright nalemba mndandanda wa katundu yense, ndipo ananyamula mtembo pamodzi ndi mabuku ulendo wa makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, kumene anafika mu February 1874. Susi ndi Chuma anapitanso ku England nathandiza Horace Waller kufotokoza za masiku otsirizawo m'buku limene linatuluka caka comweco. Popanda anthu amenewa, zolemba za miyezi yace yotsiriza zikanaolera m'dambo. Ena mwa makalata ace ali ku Livingstone Museum mpaka lero.

Tsono inu awerengi amene mumayenda maulendo a nchito, tengani kabuku kokwana m'thumba ndi pensulo, pakuti pensulo siiuma ndipo siifuna magetsi. Yambani ndi deti ndi dzina la malo. Lembani mizere isanu musanagone, ngakhale mutatopa, ndipo maina a anthu ndi manambala mulembe pomwepo mwini ali pamaso panu. Tsiku lopuma kopani zonse m'buku lina kapena m'foni, ndipo ziwirizo musazisunge m'cola cimodzi. Ngati tsiku lina mphamvu zakutherani, lembani deti lokha, kuti mawa dzanja lidzadziwe poyambira.