Msomali, waya ndi batire: sayansi isadikire labotale

Funsani mwana wa Fomu 2 kuti maginito ndi chiyani. Akuyankhani m'Chingerezi chosalala, mawu onse monga analembera aphunzitsi pa bolodi. Ndiye mumpatse msomali, waya ndi batire, mumuuze kuti apange maginitowo. Angoyang'ana pansi. Anthuni, apa pali vuto, ndipo vutolo si la mwana.

Chodabwitsa n'chakuti kuno ku Nkhotakota maginito ali paliponse. Ali m'sipika ya wailesi yakufa imene munaiponya kuseri kwa nkhokwe. Ali mu dayinamo ya njinga. Ali mu injini ya boti imene asodzi amapita nayo kukapha usipa usiku. Magetsi a ku Nkula, amene anayamba kupangidwa mu 1966, ndi madzi a Shire ozunguza makina a maginito ndi waya. Koma mwana amamva za maginito ngati nthano ya ku Ulaya.

Kapangidwe kake nkosavuta. Pezani msomali wa mainchesi anayi, batire la tochi, ndi waya wa kopa wokutidwa, monga uja amapezeka m'wailesi kapena m'mota zakufa. Wayayo akhale wokutidwa ndithu. Akakhala wosakutidwa magetsi amangodutsa chidule m'msomali ndipo palibe chichitike. Kulungani wayayo pa msomali ka 40 kapena ka 50, mothithikana, mozungulira mbali imodzi. Palani nsonga ziwiri za wayayo ndi lezala mpaka ziwale, ndipo mugunditse ina kumutu kwa batire, ina kumunsi. Msomali uja uyamba kutola mapini. Chotsani waya, mapini ambiri agwa. Onjezani mizere ya waya, utola ochuluka. Basitu.

Chenjezo lisasowe. Wayayo amatentha ndipo batire limatha msanga, choncho gwirizitsani kwa masekondi ochepa chabe. Musayerekeze kugwiritsa ntchito batire la galimoto kapena magetsi a m'nyumba, mungapse kapena kufa kumene. Ndiponso waya wa ESCOM si wotola. Amene amaswa matiransifoma kufuna kopa ndi mbava, ndipo ena afera pomwepo.

Ngati batire palibe, singano ilipo. Ikhuleni ndi maginito a m'sipika, kuchokera ku diso kupita ku nsonga, kunyamula, kubwereranso ku diso, ka 30 kapena kuposa. Osakhula mopita ndi kubwera ngati mukunola mpeni. M'kati mwa chitsulo muli timagawo ting'onoting'ono, kalikonse ndi kamaginito pakokha, koma tinaloza mbali zosiyana ngati usipa womwazidwa pa thandala, ndiye mphamvu zake zimaphana. Kukhula kuja kumatitembenuza kuti tiloze kumodzi. Singano ndi chitsulo cholimba, imasunga mphamvuyo masiku ambiri. Msomali ndi wofewerapo, umaiwala msanga. Mukaiwotcha pamoto singanoyo mpaka kufiira, zonse zimabalalikanso.

Tsono ikani singanoyo pa katsamba, katsambako kayandame m'mbale ya madzi. Kazungulira pang'onopang'ono kenaka kaima, mbali ina italoza kumpoto, cha ku Dwangwa, ina kummwera, cha ku Salima. Tembenuzani mbale, singano ibwerera pomwepo, chifukwa dziko lenilenili ndi maginito aakulu. Imeneyo ndi kampasi, chida chimene David Livingstone ankayenda nacho pamene anadzakumana ndi Jumbe kuno mu 1863. Kwa mwana wa msodzi, amene bambo wake amachezera pa nyanja mtunda osauona, kodi limeneli ndi phunziro lachilendo?

Mukadutsitsa waya wa batire uja pamwamba pa singano yoyandamayo, motsata kumene yaloza, singano ipatuka. Zimenezi n'zimene Hans Christian Ørsted anaona ku Denmark mu 1820, dziko n'kudziwa kuti magetsi ndi maginito n'pachibale. Patangopita zaka zisanu, William Sturgeon wa ku England anaonetsa chitsulo chokulungidwa waya, cholemera magalamu 200, chikunyamula makilogalamu anayi. Mkuluyu anayamba ngati wosoka nsapato, kenaka msilikali. Sayansi anadziphunzitsa yekha.

Koma tisapite kutali. Pa Kasungu pomwepa, ku Wimbe, William Kamkwamba anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anawerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwawo, natola zitsulo kudzala, namanga makina oyendera mphepo amene anayatsa babu kunyumba kwawo. Mtima wa makinawo unali dayinamo ya njinga, kutanthauza maginito ozungulira pakati pa waya. Anthu ankati wapenga. Ndi ana angati a ku Linga, ku Chia kapena ku Benga amene timawalanda waya m'manja n'kuwakalipira kuti akuononga mabatire?

Mchenga nawo ndi mphunzitsi. Kulungani maginito a sipika mu jumbo, muwakoke pa mchenga wouma wa m'mbali mwa nyanja, makamaka paja pamaoneka mizere yakuda. Jumboyo ituluka ndi ndevu zakuda. Umenewo ndi mwala wachitsulo wotchedwa magnetite. Mchenga wakuda wa ku Chipoka ndi ku Makanjira uli ndi mwala winanso, ilmenite, umene amapangira utoto woyera wa penti, ndipo ndi umene makampani a migodi amaulondola. Mwana amene wakokapo mchenga ndi maginito sadzapusitsidwa tsiku limene alendo adzabwere ndi mapepala kudzati mchengawu ndi wachabechabe.

Ena ati, "Tipangire chiyani poti labotale tilibe?" Kudandaulaku n'koona. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anasefukira m'makalasi, ndipo masukulu ambiri a CDSS anatsegulidwa opanda chipinda cha sayansi. Boma lisathawe udindo umenewu, aphungu athu azifunsa za malabotale m'Nyumba ya Malamulo m'malo mongowomba matebulo. Koma mwana amene ali Fomu 2 chaka chino sadikira. Aphunzitsi athu amaidziwa bwino njira ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Nanga bwanji imathera pa mabokosi a machesi ndi timitengo towerengera?

Inu a komiti ya sukulu, pa ndalama zimene mumatolera kwa makolo patulani za mabatire khumi ndi misomali. Inu okonza mawailesi pa msika wa pa boma, masipika akufa amene adzaza m'katoni pansi pa tebulo perekani kwa aphunzitsi a sayansi. Ndipo pogawa zipangizozo m'kalasi, atsikana agwireko waya, asamangopatsidwa kope kuti azilemba zimene anyamata akuchita.