Mlembi watsopano amabadwira m'magazini yaing'ono

Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi kuno ku Manjawira, m'mphepete mwa msewu wa M1, ndipo ana odziwa kulemba ndili nawo. Ndakatulo zawo amalemba kumapeto kwa kope la masamu. Kope likadzaza, amayi awo amang'amba masambawo n'kukulungira mandasi. Chimandipweteka n'chakuti anawa alibe kotumiza zolemba zawo.

Malo otumizako amenewa ndiwo magazini ya zolembalemba. Kawirikawiri imakhala yopyapyala, yopanda zithunzi za anthu otchuka, ndipo phindu la ndalama silioneka. Ntchito yake ndi kulandira nkhani ya munthu amene dzina lake silinamveke, mkonzi n'kuiwerenga, kuibweza kuti ikonzedwe, kenako n'kuisindikiza. Makampani a mabuku amafuna mlembi wakupsa kale. Magazini imamutola akadali wamuwisi.

Ku India anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1958, mphunzitsi wina wa ku Calcutta, P. Lal, anayambitsa Writers Workshop pamodzi ndi anzake, chifukwa Amwenye olemba m'Chingerezi ankanyozedwa kuti akulemba m'chinenero cha atsamunda, ndipo osindikiza sankawalabadira. Lal ankagwirira ntchitoyi kunyumba kwake, mabuku ake n'kumawakuta ndi nsalu yoluka pamanja. Vikram Seth, amene dziko linadzamudziwa mu 1993 ndi buku la A Suitable Boy, anadzera pakhomo limenelo ndi kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mappings. Kufupi kuno, ku Kampala, Rajat Neogy, wobadwira ku Uganda koma makolo ake ochokera ku India, anayambitsa magazini ya Transition mu 1961. Mu 1968 boma la Milton Obote linamutsekera m'ndende.

Nafenso tinali nazo zathu, ndipo apa m'pamene ndimafuna ana anga amvetsetse. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College, ikadali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba, anapanga gulu la Writers Group. Ankakumana sabata iliyonse, wina n'kuwerenga zomwe walemba, anzake n'kumudzudzula mosanyengerera. Munali anthu ngati Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. M'gululi munatuluka kabuku ka ndakatulo ka Mau mu 1971, komanso magazini ya Odi, yomwe inkasindikiza m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Ganizirani nthawi yake: lamulo lounika mabuku la 1968 linali pamphamvu, ndipo mawu amodzi olakwika akanatha kukupititsa kundende ya Mikuyu. N'chifukwa chake alembiwo anaphunzira kubisa nkhani m'mikuluwiko ndi m'nthano za makolo, za Napolo ndi za bilimankhwe. Ngakhale zinali choncho, Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kudzatuluka mu 1991. Steve Chimombo anapitiriza ntchitoyi ndi magazini yake ya WASI, yomwe anaiyambitsa mu 1990.

Lero palibe womanga munthu chifukwa cha ndakatulo, koma pepala lakwera mtengo ndipo masamba a nkhani zopeka m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata ndi ochepa. Ena amati Facebook yakwanira. Ine ndikukana. Pa Facebook anzako amangokuyamikira, palibe amene angakuuze kuti ndime yako yachiwiri ndi yofooka, uichotse. Mwana wosadzudzulidwa sakula pa kalembedwe.

Aphunzitsi anzanga a ku Senzani, Phalula ndi Ntcheu yonse, tisadikire kuti magazini ichokere ku Blantyre. Tisonkhanitse zolemba za ana athu teremu iliyonse, za Chichewa ndi za Chingerezi, tizikonze nawo limodzi, tijambulitse masamba ochepa pa fotokope, tizisinthana sukulu ndi sukulu. Tiyambe teremu ino.