Kompyuta Inasintha Tsiku la Ubatizo

Teremu yatha a Rekita anandituma kuti ndilowetse mu kompyuta maina a anzathu a Fomu 1 pamodzi ndi masiku a ubatizo wao. Ndinkakopera m'makalata ochokera ku maparishi. Mnyamata wina anabatizidwa pa 3 Epulo 2011, tsono ine ndinalemba 03/04/2011 monga tinaphunzirira ku pulaimale. Nditauza kompyuta kuti ionetse maina a miyezi, ndinangoona yalemba 4 Malichi. Koma pamene ndinalemba 25/04/2011 siinasinthe kanthu. Mutu unaima.

Aphunzitsi athu ndiwo anandimasulira. Pulogalamu ija inali yotchera mwa Chimereka, ndipo ku America amayamba kulemba mwezi, tsiku pambuyo. Ife ndi a ku Britain timayamba ndi tsiku. Choncho nambala iliyonse yosapitirira 12 kompyuta inkaitenga ngati mwezi. Pa 25 paja inalephera, poti palibe mwezi wa 25, ndipo inangosunga ngati mau wamba. Choopsa nchakuti siinandichenjeze konse. Inu makolo mukudziwa kuti tsiku la ubatizo limafunika pa ukwati, ndipo kwa ife lidzafunika polandira udikoni ndi unsembe. Likasiyana ndi la m'buku la ku parishi, wovutika ndi mwini wake.

Mankhwala ake alipo. Mu 1988 bungwe la ISO linakhazikitsa kalembedwe kotchedwa ISO 8601: chaka, mwezi, tsiku. Ubatizo uja ukhala 2011-04-03. Ine kalembedweka ndakakonda chifukwa ukandandalika masiku motere, amatsatana okha kuyambira akale. Chaka chizilembedwa ndi manambala anai. Mapulogalamu akale ankasunga awiri okha, ndiye pofika 1999 anthu anachita mantha kuti 00 idzawerengedwa ngati 1900. Vuto limeneli ankalitcha Y2K.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi chakuti wolemba pulogalamu ayenera kumvera lamulo la Papa. Kalendala yakale ya Julius Caesar inkatalikitsa chaka ndi mphindi pafupifupi 11, ndipo patapita zaka mazana ambiri Pasaka inayamba kuchoka pa nyengo yake. Mu 1582 Papa Gregory XIII anachotsa masiku 10: Lachinai pa 4 Okutobala linatsatidwa ndi Lachisanu pa 15 Okutobala. Tereza Woyera wa ku Avila anamwalira usiku womwewo, ndipo chikondwerero chake chili pa 15. Papayo analamulanso kuti chaka chothera ndi 00 chikhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha chikagawika ndi 400. Motero 2000 inali nalo tsikuli, 1900 ayi. Komabe Excel imavomera 29 Febuluwale 1900, tsiku lomwe silinakhaleko, chifukwa inatengera cholakwa cha pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3.

Maola nawo ali ndi msampha wake. Kuno tili patsogolo pa nthawi ya UTC ndi maola awiri chaka chonse, pamene ku London amasintha mawotchi, kotero nthawi zina timasiyana nao ola limodzi, nthawi zina awiri. Nchifukwa chake akatswiri amasunga nthawi mu UTC, nkuitembenuza poonetsa kwa munthu.

Loweruka lotsatira, anzanga ali ku mpira, ine ndinali mu ofesi kulembanso mndandanda wonse, kalata iliyonse m'manja, kuyamba ndi chaka.