Kubwezeretsa Waya wa Mphenzi Mvula Isanagwe

Alimi a kwa Nazombe adziwa kuti mvula yoyamba ya mwezi wa Novembala siibwera mwaulemu. Mitambo iunjikana pamwamba pa phiri la Michesi masana, ndipo dzuwa lisanapendeke mabingu agunda m'chigwa chonse cha Phalombe kufikira ku nyanja ya Chilwa. Nyengo ya mphenzi ikhala mpaka m'Malichi, pamene fodya ali kuuma m'chigafa. Moto wa kanthawi kochepa ungathe kutsiriza ntchito ya chaka chathunthu. Chifukwa chake alimi ena, ndiponso a mipingo ndi a masukulu, anaimika mlongoti wa mphenzi pafupi ndi nyumba zao. Koma ambiri ayang'ana chitsulo cha kunsonga chokha, naiwala waya wotsikira pansi, amene ndiye mwini ntchito.

Mphenzi ndi moto wa magetsi wochokera m'mitambo, umene ufuna njira yapafupi yolowera m'nthaka. Bambo Benjamin Franklin wa ku Philadelphia ndiye anasonyeza zimenezi m'chaka cha 1752. Amene anavutika nayo koposa kale ndi amalinyero, pakuti panyanja palibe chinthu chachitali choposa mlongoti wa matanga. Milongoti inali kung'ambika, anthu nafa. Tsono William Snow Harris wa ku Mangalande anakhomera mkuwa kuyambira kunsonga ya mlongoti kutsika nawo mpaka pansi pa ngalawa, pamene pakhudza madzi, ndipo m'chaka cha 1842 ngalawa za nkhondo za dziko lake zinalandira njira imeneyi. Kufikira lero mwini ngalawa ya matanga wosamala asintha waya wa mlongoti wake ukangoyamba kudyeka. Adziwa kuti waya ukaduka pakati, moto ulumpha ndi kudzipezera njira yake m'matabwa, kapena mwa munthu amene wakhala pafupi.

Pamtunda nkhani ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa madzi pali nthaka. Mlongoti wopanda waya wabwino uitana mlendo koma osamkonzera podzera.

M'mwezi wa Okutobala tsatani waya wanu ndi maso ndi manja kuchokera kumwamba kufikira pansi. Kawirikawiri uonongeka pamene ulowa m'dothi, chifukwa chinyezi chiudya, ndipo makasu aukhapa polambula pabwalo. Polumikiza pamasuka. Nthawi zina waya wonse usowa, pakuti mkuwa uli ndi malonda ndipo akuba audziwa. Mukaupeza wothothoka, musapotokole nsonga ziwiri pamodzi monga muchitira ndi mpanda. Chotsani wonse, muike watsopano wosadukiza.

Waya woyenera ndi wamkuwa, wonenepa ngati pensulo. Waya waminga ndi tiwaya ta nyale za m'nyumba n'zosayenera konse: tiwayato tisungunuka nthawi yomweyo. Utsike molunjika, wopanda ngodya, pakuti moto wa mphenzi sukhota bwino, ndipo pa ngodya ndi pamene ulumphira. Palani polumikiza ponse kufikira payere, mumange zolimba ndi bawuti, ndi kupakapo girizi. Musalole mkuwa kugona pa malata, chifukwa mvula ikanyowetsa zitsulo ziwirizi malata ndiwo adyeka.

Kunsi kwake waya amangidwe ku ndodo yamkuwa, kapena yachitsulo yokutidwa mkuwa, ya mapazi 8, yokhomeredwa yonse m'nthaka. Apa ndi pamene ulesi uononga ntchito. Dothi louma la pamwamba sililandira moto bwino. Ndodo iyenera kufika pa chinyezi. Amene ali m'dothi lakuda la kuchigwa sadzavutika. Koma inu a m'mphepete mwa phiri, ngati ndodo yagunda thanthwe, kumbani ngalande yaitali yozama mapazi 2, mugoneke wayayo m'menemo ndi kukwirira. Gawo la waya loyandikira pansi mulibise m'paipi yapulasitiki, kuti khasu ndi mbala zisalipeze msanga.

Pa chigafa chaudzu waya asakhudze denga. Mlongoti uime paokha, yadi imodzi kapena kuposerapo kuchokera ku udzu, ndipo utalike kwambiri kuposa mtanda wa denga, kotero kuti chigafa chonse chikhale m'munsi mwake. Onaninso ngati chiswe sichinadye tsinde.

Pali amene anena kuti mphenzi ichita kutumizidwa ndi munthu. Ife sititsutsana ndi mitima ya anthu pano, koma taonani mitengo imene iombedwa: ndi bulugamu wamtali ndi mtengo woima wokha m'munda, ndipo mitengo ilibe mlandu ndi munthu.

Ntchito yonseyi ichitike m'mawa kumwamba kuli koyera. Mukamva bingu, ngakhale lakutali, tsikani, ndipo musabwererenso mpaka patapita mphindi 30 chilekere kugunda. Ng'ombe ndi mbuzi musazimangirire pa mlongoti kapena pafupi ndi ndodo ija, chifukwa moto ukalowa pansi umwazikana m'dothi, nukwera ndi mwendo wina wa chiweto ndi kutsikira mwendo wina. Ana nawonso muwauze kuti mvula ikayamba asausire pamenepo.